Mendulo m'chitini: tilembe chiyani pa chiliza cha agogo?

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kuno kwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Wandilola kumuyankha poyera, bola ndisatchule dzina lake kapena mudzi wake. Ndadulako zina, koma mtima wa kalatayo ndi uwu:

"Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali a Keyala. Atabwerako ku nkhondo anakwatira, nabereka ana asanu ndi awiri, ndipo anali mkulu wa mpingo wa CCAP mpaka mphamvu zinawathera. Anamwalira ine ndili ku sekondale. Chaka chino zidzukulu tasonkherana kuti timange chiliza, ndipo banja lasankha ine kuti ndilembe mbiri yodzawerenga pa tsikulo, komanso mawu oti alembedwe pa mwala. Vuto ndi ili. Amalume akufuna tilembe kuti 'Ngwazi ya nkhondo, anamenyera ufulu wa dziko lino.' Mayi aakulu akukana, akuti bambo awo sankafuna n'komwe kumva za nkhondo, tilembe za mpingo basi. Ine ndili pakati. Chimene ndili nacho ndi chitini chokhala ndi mendulo ziwiri, ina yonga nyenyezi yolembedwa The Burma Star, ina yobulungira yokhala ndi mutu wa mfumu. Agogowo sanatiuzepo kalikonse. Kodi munthu amene anakhala chete moyo wake wonse ndimulembe bwanji?"

Achemwali, ndiyambe ndi kukuthokozani inu ndi zidzukulu zinzanu. Ndalama ya ku Joni mmene imapezekera tonse tikudziwa, ndiye kuipatula kuti agogo agone pamalo ooneka si chinthu chaching'ono. Funso lanu landikhala pamtima masiku onsewa, chifukwa inenso ndinalembapo mbiri ya msilikali wakale, ndipo ndinailakwitsa. Ndifikapo pamenepo. Poyamba titsegule chitinicho.

Nyenyezi ija, The Burma Star, inkaperekedwa kwa anthu amene anatumikira pa nkhondo ya ku Burma pakati pa 11 Disembala 1941 ndi 2 Seputembala 1945. Burma ndi dziko lija lero likutchedwa Myanmar, kum'mawa kwa India. Ngati kansalu kake kakadalipo muona kuti pakati n'kofiira, m'mbali muli mizere ya buluu woderako ndi olenji. Yobulungirayo itembenuzeni. Mutuwo ndi wa George VI, ndipo ngati kuseri kuli mkango utaponda chinjoka, imeneyo ndi War Medal 1939–1945, imene ankalandira pafupifupi aliyense amene anavala yunifolomu ya mfumuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Musadabwe mukapanda kupezapo dzina la agogo. Mendulo zambiri za nkhondo imeneyo zinkatuluka zosalembedwa dzina.

Ndiye tizitsulo tiwiriti tikuchitira umboni chinthu chimodzi chotsimikizika: mnyamata wa m'mudzi mwanu anakwera sitima, nawoloka nyanja yamchere, nakafika ku Asia kumene moto unali kuyaka. Koma sitikunena ntchito imene ankagwira kumeneko. Mendulo yomweyo ankalandira wogwira mfuti, woyendetsa lole, wophika, wotumiza mauthenga, ngakhalenso wonyamula ovulala pa machira. Mfundo imeneyi muigwiritsitse.

Keyala ndi mmene makolo athu anapindira lilime potchula KAR, King's African Rifles, gulu la asilikali limene Angerezi anakhazikitsa mu 1902. Bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland, kwawo ku Zomba. Nkhondo yachiwiri itabuka, anyamata athu anayamba akumana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, komanso ku Somaliland mu 1940. Mu 1941 anali mkati mwa Ethiopia, amene akuluakulu ankati Abisiniya. Mu 1942 ena anatumizidwa ku Madagascar. Mu 1943 gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division, losonkhanitsa anthu a ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, linapita ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Chaka chotsatira linalowa mu Burma.

Pamenepa ndiima pang'ono, chifukwa ana athu ambiri sanamvepo za malo amenewa. Asilikali a Japan atagonja ku Imphal ndi ku Kohima, ku India kufupi ndi malire a Burma, mu 1944 anayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo gulu la Aafirika lija linapatsidwa ntchito yowalondola kudzera m'chigwa cha Kabaw. Inali nyengo ya mvula ya monsoon, mvula imene sikata masiku angapo, nthawi imene magulu ankhondo kumeneko ankakonda kuima kaye. Iwo sanaime. Misewu inasanduka phala, malole ankatitimira, chakudya chinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Chigwacho chinali ndi mbiri yoipa ya malungo ndi matenda a typhus obwera ndi tizilombo ta m'udzu, kuwonjezera apo kamwazi ndi misundu yoyamwa magazi. M'njira ankadutsa mitembo ya Ajapani amene anafa ndi njala ndi matenda pothawa. Anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944. Anzawo ena a Keyala anali kugombe la nyanja, ku Arakan.

Ndakufotokozerani izi kuti mudziwe dziko limene mendulo ija inachokera. Koma musalembe m'mbiri kuti agogo anali ku Kabaw pokhapokha pepala kapena mboni itatero. Lembani Burma, chifukwa Burma ndi imene yalembedwa pa chitsulocho.

Tsopano mawu a amalume. Ndikuwamvetsa kwambiri. Akufuna bambo awo aoneke. Akuona kuti dziko linawaiwala anthu amenewa, ndipo sakunama. Timawakumbukira Lamulungu limodzi mu Novembala, pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ku Area 18 ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, akuluakulu a boma atavala kaduwa kofiira pachifuwa. Malipenga akalira, nkhata zikaikidwa, nkhani yathera pomwepo mpaka chaka chamawa. Mwana amene anaona bambo ake akukalamba ndi khasu m'manja, wopanda womufunsa kuti munali kuti, ali ndi chifukwa chofunira mawu akuluakulu pa mwala.

Komabe ine sindingalembe kuti anamenyera ufulu wa dziko lino, ngakhale mawu amenewa timawamva pafupifupi pa maliro a msilikali wakale aliyense. Nkhondo ya ku Burma inali ya Britain ndi Japan, kulimbirana dziko limene nalonso linali m'manja mwa atsamunda ngati lathu lomwe. Anyamata athu atabwerako anapeza msonkho uli pomwepo, bwanamkubwa ali pomwepo, ndipo ufulu unadzabwera pa 6 Julaye 1964, patapita zaka pafupifupi 19. Ena analembetsa okha usilikali pofuna malipiro kapena kuona dziko, ena anachita kuperekedwa ndi mafumu atauzidwa ndi boma kuti apeze anthu. Pa ndalama yowatsanzikira nayo nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wachikuda wa udindo womwewo masheleni 3 ndi theka. Matope anali amodzi, chipolopolo sichinkasankha khungu, koma pa tebulo lolipirira anasankhidwa.

John Chilembwe anaziona kale zimenezi. Mu Novembala 1914, magazi atakhetsedwa ku Karonga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amene akufa pa nkhondo ya eni ndi amphawi opanda kanthu, osiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene olemera ali phee. Ndipo pali china chowawa chimene sitikonda kuchitchula. Pa 3 Malichi 1959, tsiku limene timakumbukira ofera ufulu, amene anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay anali asilikali a Keyala, potsatira lamulo la akuluakulu awo. Agogo anu nthawi imeneyo anali kale kumudzi akulima, sizikuwakhudza. Ndangozitchula kuti muone chifukwa chake dzina la Keyala ndi mawu oti ufulu wa dziko lino sizikhalirana bwino pa mwala umodzi. Mwala umakhala zaka zambiri kuposa ife, ndipo chidzukulu china chidzawerenga mbiri ya dziko n'kudzaima pamandapo chikudabwa.

Kodi ndiye ulemu wawo wachepa? Ayi ndithu. Mnyamata amene mwina anali asanaonepo nyanja ya Malawi, kukapezeka kutsidya kwa dziko lapansi, kupirira zimene ndafotokoza zija, kusathawa anzake, n'kubwerera kwawo wamoyo kudzamanga banja, ameneyo safunika kumuwonjezera nthenga za eni.

Mayi aakulu nawonso ali ndi mfundo yolemera, mwina yolemera kuposa ya amalume. Nkhondo inawatengera agogo zaka zitatu kapena zinayi. Moyo umene anakhala pambuyo pake ndi wa zaka makumi angapo, ndipo ndi umene anausankha okha. Usilikali anawaveka ndi anthu ena. Ukulu wa mpingo anawasankha ndi anthu amene ankawaona tsiku ndi tsiku, amene ankadziwa mmene amayankhulira ndi mkazi wawo, mmene amabwezera ngongole, mmene amachitira mbuzi ya mnzawo ikalowa m'munda mwawo. Mwana wamkazi woyamba amadziwa zinthu za m'nyumba zimene ana aamuna sazidziwa. Akati bambo sankafuna kumva za nkhondo, akhulupirireni.

Koma onani chimene agogowo anachita ndi mendulo zija. Chinthu chimene munthu sakuchifuna amakachiponya mumtsinje, kapena amapatsa ana kuti aziseweretsa. Iwo sanataye. Sanazipachikenso pakhoma kuti alendo aziona. Anaziika m'chitini, natseka, nazisunga mpaka imfa, kudutsa m'nyumba zonse zimene anamanga ndi kugumula, m'dzinja lililonse limene denga linadontha. Kwa ine yankho la funso lanu lili pamenepa, ndipo analipereka ndi eni ake. Nkhondo ikhalemo m'mbiri yawo, koma itenge malo a chitini. Nyumba yonse yotsalayo ikhale ya mpingo, mkazi wawo, ana ndi munda.

Ndinalonjeza kukuuzani za kulakwitsa kwanga. Kwathu kunali mkulu wina wa mpingo amene tonse tinkangowatchula kuti aSajeni. Belu la tchalitchi chathu linali limu ya lole yopachikidwa pa mtengo wa mango, ndipo ankaliimba ndi iwo. Anthu ankatchera mawotchi awo pa belu limenelo. Nsapato zawo zinali peyala imodzi, koma sindinazionepo zili ndi fumbi Lamulungu. Atamwalira, ine ndili mphunzitsi wachinyamata, anandipatsa ntchito yolemba mbiri usiku wa pa siwa. Ndinalemba monga timalembera tonse: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira pakuti, analowa usilikali, anabatizidwa, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Pa usilikalipo ndinaona kuti pachepa, ndiye ndinawonjezera kuti anamenya nkhondo molimba mtima nagonjetsa adani ambiri. Anthu anavomera ndi mitu, ine n'kumaona ngati ndawalemekeza.

Titachoka kumanda, mayi amasiye anandiitanitsa m'nyumba. Anati, "Aphunzitsi, mwawerenga bwino. Koma zogonjetsa adanizo anakuuzani ndani?" Ndinasowa poyang'ana. Anandiuza kuti amuna awo ankanyamula ovulala pa machira, ndipo chimene chinkawavuta mpaka ukalamba ndi anthu amene anafera m'manja mwawo asanafike nawo kwa dokotala. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa usiku, aSajeni sankagona. Ankadzuka n'kukhala pakhomo, akuimba nyimbo za m'buku chapansipansi mpaka tambala. Mayiwo ankadzuka nawo, kukoleza moto, kukhala pambali pawo osafunsa kanthu. Anachita zimenezo zaka zonse za ukwati wawo. Ndipo m'pemphero la madzulo, akatha kutchula ana ndi odwala, ankawonjezera kuti, "Mukumbukirenso ana a eni amene tinawasiya m'matope." Mayiwo anawafunsapo tsiku lina ngati akunena anzawo a Keyala. Iwo anati onse, ndi Ajapani omwe, nawonso anali ndi amayi awo.

Munthu wotere ine ndinamuimika pamaso pa mudzi wonse ngati wopha anthu ambiri. Papita zaka zochuluka, koma zimandiwawabe. Mbiri yeniyeni inali m'nyumba momwemo, pa mphasa, mamita ochepa kuchokera pamene ndinkalembera ndi nyali, ndipo sindinapite kukafunsa.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti malo amene agogo anasiya opanda mawu musawadzaze ndi zongoganizira. Musawaikire ungwazi umene sanakuuzeni. Musawaikirenso matenda. Masiku ano madokotala ali ndi dzina la vuto la anthu amene anaona zoopsa, amati PTSD, ndipo n'zoona kuti ambiri obwera ku nkhondo anali nalo popanda wowathandiza. Ena linawapititsa ku kachasu, ena anakhala aukali m'nyumba, ena anapeza mpumulo m'tchalitchi. Ena perete uja anamusandutsa gule, paja malipenga, mganda ndi beni zinatengera mayendedwe a asilikali, mizere, mayunifolomu ndi maudindo omwe. Koma pali enanso amene ankangoona kuti nkhani zotere si zouza ana. Inu lembani chimene munaona: sankakamba.

Za chikhulupiriro chawo, ndili ndi dandaulo ndi mbiri zathu zambiri. Aliyense womwalira timati anali wokonda kupemphera, wokonda anthu, wodzichepetsa. Mawu amenewa atha mchere chifukwa tawagwiritsa ntchito pa aliyense. Mdzukulu amene sanawaonepo agogo sangawazindikire m'mawu otere. Funsani zinthu zogwirika. Ankakhala benchi iti? Akapatsidwa mpata woyambitsa nyimbo, ankatchula nambala yanji? Ankayenda mtunda wotani kupita kukalalikira ku mlaga, wapansi kapena pa njinga? Ndani amene anamunyamulapo usiku kupita naye kuchipatala? Pa seshoni, mlandu wa mtsikana wotenga mimba ukabwera, iwo ankakhala mbali ya chilango kapena ya chifundo? Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye fufuzani moto umene unazimira pakhomo pawo, mabanja amene akanatha koma anakhalapo chifukwa cha iwo. Pa njala ya 1949 anali ndi banja laling'ono, anapulumuka bwanji? Ngati anaifika ya 2002, ndani ankadya pakhomo pawo?

Ndipo funafunani Baibulo lawo. Ngati ndi Buku Lopatulika lakale lija, lolembedwa "cifukwa" ndi "mau", tsegulani tsamba loyamba ndi lomaliza. Akuluakulu a nthawi imeneyo ankalembamo masiku obadwa a ana, tsiku la ukwati, imfa za abale. Kawirikawiri ndi kaundula wolondola kuposa chikumbumtima cha aliyense wa ife. Onaninso masamba amene anada ndi zala, ndi mavesi amene anadulidwa mzere kunsi. Munthu amene sankayankhula za mumtima mwake mwina anasiya zizindikiro mmenemo. Kwa abusa ndi alembi a mpingo mukhoza kupezako chaka chimene anabatizidwa ndi chimene anadzozedwa ukulu, pakuti mipingo yambiri ya CCAP imasunga mabuku a seshoni akalekale.

Za banja n'chimodzimodzi. Mawu oti anakonda ana ake asiyeni, m'malo mwake nenani chimene anagulitsa kuti mayi anu apite kusukulu pa nthawi imene ambiri ankati mwana wamkazi n'ngwa kumtondo. Nenani mmene ankaitanira agogo aakazi. Ngati anali aukali, ndipo asilikali akale ambiri analidi otero pa nkhani ya nthawi ndi ukhondo, mukhoza kunena mwaulemu kuti pakhomo pawo dzuwa silinkatulukira munthu ali m'bulangete. Ana awo adzamwetulira misozi ili m'maso, chifukwa adzawazindikira. Zilonda zenizeni za m'banja, ngati zilipo, malo ake si pamanda pamaso pa mudzi. Koma musanene zosiyana nazo. Pali kusiyana pakati pa kusatchula chinthu ndi kunama, ndipo amene anapwetekedwa amakhala ali pomwepo akumvetsera.

Zonsezi simungazipeze potumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la banja kuti aliyense alembe zimene akukumbukira. Mudzalandira mawu omwe aja, wokonda kupemphera, wokonda anthu. Ngati n'kotheka fikani kumudzi masiku angapo tsiku lisanakwane. Khalani ndi mayi aakulu pa mkeka mukusenda mtedza kapena kutong'ola chimanga, chitinicho muchiike pakati, osafulumira kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi muwafunse paokha, abambo paokha. Musaiwale kwawo kwa agogo. Ngati anali mkamwini m'mudzi mwanu, alongo awo ndi aphwawo kumudzi kumene anabadwira amasunga nkhani za unyamata wawo, za tsiku limene ananyamuka ndi tsiku limene anabwera, zimene ana awo sanazimvepo. Nthawi zina munthu amauza muphwa wake zimene sangauze mwana wake. Mukapempha chilolezo, jambulani mawu pa foni. Mawu a mayi aakuluwo tsiku lina adzakhala chuma chokha.

Za mapepala a usilikali ndinene mwachidule. Fufuzani m'masutikesi akale kabuku kapena chikalata chimene ankapatsidwa potuluka usilikali, chifukwa mmenemo mumakhala nambala yawo ndi bataliyoni. Nambalayo ndiyo kiyi, popeza mayina alembi ankawalemba mmene awamvera, ndipo anyamata ena ankalembetsa ndi dzina lina losiyana ndi la kumudzi. Mukaipeza, yesani ku National Archives of Malawi ku Zomba ndi ku bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi. Pa intaneti pali mndandanda wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, koma uli ndi okhawo amene anafera ku nkhondo. Agogo anu simuwapezamo, mwina mungapezemo anzawo a m'dera lanu amene sanabwereko. Bungwe lomweli linavomera mu 2021 kuti Aafirika ochuluka, makamaka a nkhondo yoyamba, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. Mukaganizira za amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali, pafupifupi 200,000 amene anatengedwa m'dziko muno pa nkhondo yoyamba ija, ambiri n'kufera m'njira popanda ngakhale mtanda wa mtengo, muona kuti mwala wokhala ndi dzina la agogo anu, wolembedwa ndi ana awo, ndi chinthu cholemera.

Mukasonkhanitsa zonse, lembani mbiri ziwiri. Yaitali ikhale ya banja, muikemo chilichonse, muisindikize ndi kugawa nyumba iliyonse. Yowerenga pamanda ikhale yaifupi, anthu adzakhala ali padzuwa. Ndime ya nkhondo ine ndikanailemba motere, inu mukonze monga mwa zimene mupeze:

"Ali mnyamata anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi gulu la Keyala, nakafika ku Burma. Anabwerako ndi mendulo ziwiri, nazisunga m'chitini moyo wawo wonse. Zimene anaona kumeneko sanatiuze, ndipo ife sitiwaikira mawu m'kamwa. Chimene tinaona ndi maso athu ndi munthu amene anatula mfuti natola khasu ndi Baibulo, ndipo za munthu ameneyo tili ndi zambiri zonena."

Kuchokera apo lowani m'nkhani zija za njinga, nyimbo, fizi ndi njala, ndipo muzikhalitsepo.

Pa mwala pamafunika mawu ochepa, wosema amawerengera chilembo chilichonse. Dzina lawo lonse ndi la mfunda, zaka, kenako mizere itatu: Bambo ndi Gogo wathu. Mkulu wa Mpingo. Msilikali wa Keyala, Burma. Palibe bodza m'menemo, ndipo amalume ndi mayi aakulu aliyense apezamo bambo ake. Pa vesi, ambiri amathamangira 2 Timoteo 4:7, ya kulimbana kwabwino ndi kutsiriza njira, ndipo kwa msilikali imakhala ngati yagwa pake. Ine mtima wanga umapita kwa Yesaya 2:4, pamene malupanga asulidwa kukhala zolimira ndipo anthu saphunziranso nkhondo. Koma zonsezi ndi zosankha zathu. Ngati m'Baibulo lawo mwapezeka vesi lodulidwa mzere ndi dzanja lawo, limenelo lipambane.

Mendulo musazimatire pa chiliza, zidzachita dzimbiri kapena kuzulidwa. Pa tsikulo amalume azinyamule ndi manja awiri, aziike pa nsalu yoyera pambali pa Baibulo lija, anthu azione. Ngati m'dera lanu muli asilikali opuma, aitaneni, amadziwa kupereka ulemu kwa mnzawo ndipo amabwera ndi mtima wonse. Mwambo ukatha zibwerere m'chitini chomwecho, ndipo banja ligwirizane poyera amene azisunge.

Chotsiriza, musadikire tsiku la mwambo kuti akuluakulu awiriwa amve zimene mwalemba. Akhazikeni pamodzi madzulo ena, muwawerengere pang'onopang'ono, muwalole akukonzeni. Ndinu mwana kwa iwo, ndiye mupite ngati wodzafunsa nzeru. Mwina mkangano wawo wa pa mwala ndi chisoni chabe cha ana awiri amene aliyense anadziwa mbali imodzi ya bambo ake.

Mukakhala pa mkeka paja ndi mayi aakulu, mundifunsireko funso limodzi, ndipo mudzandilembere yankho lake. Agogo ankatani mvula yoyamba ikagwa usiku?